Tenanti Alibe Mphakati

Anzanga a m'gulu lino, sabata ino ndalemba za tchalitchi, ndipo ndikudziwa kuti ena mukwiya. Kwiyani ndithu, koma muyambe mwawerenga.

Kwathu kuno ku Santhe kalendala ya mpingo ndi kalendala ya fodya zimayendera limodzi, ngakhale paguwa sizitchulidwa pamodzi. Adventi imatipeza tikuwokera. Khirisimasi tili pa feteleza ndi kupalira. Lenti ikamayamba ndiye kuti tsamba lakhwima, anthu akuthyola mame asanakamuke ndi kusoka mpaka mdima, zigafa zikudzaza pamene nkhokwe zili mbee. Pofika Pasaka majeke ayamba kulira, ku Chinkhoma akukonzekera kutsegula msika. Masika a ku tchalitchi nawo amabwera pa nthawi yake yeniyeni, ndalama zitangolowa. Pamenepo palibe mlandu, amene anakonza zimenezi ankadziwa mwezi umene thumba la mlimi limalemera. Mlandu wanga ndi wakuti mpingo umaidziwa bwino ndalama ya fodya, tsiku lobwera ndi khomo lolowera, koma munthu amene manja ake ada bii ndi phula la fodyayo sumudziwa ngakhale dzina.

Ndikunena tenanti. Amatsika pa lole dzuwa la chilimwe lili pakati, wochokera ku Mulanje, ku Phalombe, ku Thyolo, ku Machinga, ena ku Dedza konkuno, ali ndi mkazi, ana, mkeka ndi mapoto awiri. Amamanga kanyumba ka udzu m'mphepete mwa munda wa bwana. Amalandira chimanga cha pa ndowa, mchere, mwina timatemba, zonse zikulembedwa m'kope kuti zidzadulidwe fodya akagulitsidwa. Amakhala nafe pafupifupi miyezi khumi. Miyezi khumi si masewera, abale. Ndi nthawi yokwanira kuti mwana abadwe, adwale, ngakhale kumwalira kumene. Ambiri mwa anthuwa ndi akhristu obatizidwa. Kwawo ankaimba kwaya, ena anali alembi a limana, monga amautchulira mphakati kum'mwerako. Tsono pitani kwa mlembi wa mphakati woyandikana ndi esiteti mumupemphe kope la mayina, muwerenge matenanti amene alimo. Simutopa n'kuwerenga.

Tikumbutsane kumene mphakati unachokera, chifukwa achinyamata ambiri amaganiza kuti unabadwira pamodzi ndi malisiti. Mu 1972 Patrick Kalilombe, mwana wa ku Mua, anakhala episkopi wa dayosizi ya Lilongwe, imene dera lathu lino lili pansi pake. Kuyambira 1973 mpaka 1975 anachititsa sinodi yaing'ono imene inafunsa akhristu wamba m'maparishi za mpingo umene akuufuna, ndipo mfuu yake inali yoti mpingo ndife tonse. Mu 1973 momwemo maepiskopi a bungwe la AMECEA atakumana ku Nairobi anayamba kulimbikitsa timagulu ta akhristu oyandikana nyumba, ndipo mu 1976 anati imeneyi ndiyo ntchito yotsogola m'madayosizi awo. Ganizo lake linali losavuta kumva: mabanja amene amapalana moto akhale pansi, awerenge Mawu, afunsane kuti Mawuwo akuti chiyani pa zimene zikuchitika pamudzi pawo, kenaka achitepo kanthu. Boma la Kamuzu linaona chimene ife lero sitikuona, kuti anthu wamba akamakumana paokha popanda tcheyamani wa chipani, n'kumafunsana za moyo wawo, pamatuluka zinthu. Linayamba kuikayikira miphakati ija. Mu 1976 Kalilombe anachoka m'dziko muno, ndipo mu 1979 anatula pansi udindo wake.

Ndiye tadzifunsani: mphakati wa lero ungamuopseze ndani? Ngakhale kapitawo wa pa esiteti sangataye nawo tulo.

Kalilombe ankafuna mpingo wokhala pa mafuwa atatu: wodzidalira pa chuma, wodzitumikira wokha, ndi wodzifalitsa. Ife tinatola fuwa limodzi, la chumalo, enawo tinaponya kudzala, ndipo tikudabwa kuti mphika ukupendekeka. Aliyense amene amasonkhana ku mphakati akudziwa momwe zimayendera. Pemphero, nyimbo imodzi, wina awerenge Mthenga Wabwino mothamanga ngati akuthawa mvula, anthu awiri anenepo mawu omwe aja ananena sabata yatha. Kenaka mlembi atsegula kope, ndipo msonkhano weniweni wayamba. Mtulo. Masika. Chitukuko. Nsalu ya chaka. Ya alendo amene akubwera mwezi wa mawa. Ya mpikisano, pakuti Lamulungu adzawerenga m'tchalitchi mphakati umene watsogola ndi umene uli kumchira, anthu adzaseke.

Mvetsani bwino masamu ake. Kumene zopereka zimagawidwa potengera kuchuluka kwa mabanja a mu mphakati, kulemba banja la tenanti ndi kudzisenzetsa katundu: chiwerengero chakwera, ndalama yofunika yakwera, koma munthuyo sagwira khobidi mpaka July. Palibe amene anakhala pansi n'kulamula kuti matenanti asalembedwe ayi. Masamu okhawo ndi amene amawasiya kunja, ndipo aliyense amapita kwawo mtima uli mbee.

Ndikudziwa yankho lake, ndipo sindilinyoza. Galimoto ya abambo mfumu siyendera madzi odalitsa. Ndalama za amishoni zimene makolo athu anazolowera zinaphwa kalekale, akatekisiti nawo ali ndi ana ofuna fizi, denga likadontha limadonthera ife tomwe. Wamkachisi amadya zamkachisi, zimenezo n'zoona, ndipo mkhristu amene ali nazo koma sapereka achite manyazi. Koma kupereka ndi nkhani ina, kusandutsa khadi la mtulo kukhala chiphaso cha kumwamba ndi nkhani inanso.

Zimaonekera poyera pa maliro. Mwana wa tenanti wamwalira usiku. Bambo ake sadziwa khomo loti agogode, pakuti palibe amene anabwerako kudzawaona chifikireni. Akafika kwa atsogoleri, funso loyamba si lakuti mwana wadwala masiku angati. Ndi lakuti, "Khadi lanu lili kuti? Munabwera ndi kalata yosamukira?" Munthu anakwera lole ndi mapoto awiri, mukuti akanayamba wayenda ulendo wa tsiku lathunthu kupita ku parishi ya kwawo kukadinditsa kalata? Mapeto ake kwaya siibwera, amayi a yunifolomu sabwera, mtanda subwera. Amene amabwera ndi adzukulu a pamudzi, amene amakumba manda osafunsa lisiti, ndi anyakwawa amene amaloza malo oti mlendo agone. Mwambo wa Achewa umene timaulalikira kuti ndi wamdima umamuika mlendo m'manda mwaulemu, ife ana a kuwala tili kalikiliki kufufuza m'kope.

Chopweteka n'chakuti nkhanza zimenezi si lamulo la mpingo n'komwe. Buku la malamulo a Mpingo wa Katolika la 1983, pa ndime 848, limaletsa kumana osauka masakramenti chifukwa cha umphawi wawo. Ndime 1181 imanenanso chimodzimodzi za maliro, kuti osauka asamanidwe mwambo woyenera. Pa mndandanda wa anthu amene angakanizidwe mwambo wa maliro, wotsalira mtulo palibepo. Nthawi zambiri wansembe samva n'komwe kuti kunagwa zovuta. Timatseka chitseko ndife akhristu eni ake a m'makomiti, amene tinaphunzira kuti ntchito yathu ndi kulondera. Kenaka mbusa wa mpingo wina akapalasa njinga kukafika ku tinyumba ta udzu tija, n'kupemphera nawo, n'kuwabatizanso ku dambo, timadandaula kuti akutibera nkhosa. Nkhosa iti? Imene simunaiwerengepo?

Anzanga a CCAP musaseke. Sinthani mawu okha, pa mtulo muikepo chakhumi ndi khadi la mgonero, pa mphakati muikepo mlaga, muone ngati nkhaniyi sikukukwanani.

Tibwere kwa ana, pakuti maphunziro a chikhristu amayambira pamenepo. Kalasi ya Ukaristia woyamba kapena ya Ulimbitso imakhala ndi kaundula, ndipo wojomba kangapo amafufutidwa, adikire chaka china. Lamuloli limamveka bwino ukakhala pa ofesi. Koma ndani amajomba mu February ndi March? Ndi mwana amene ali m'chigafa kusoka fodya, chifukwa banja likalephera kumaliza tsamba la tsikulo limaonongeka, ndipo ngongole imagwera atate ake. Mu 2009 bungwe la Plan linatulutsa lipoti la ana ogwira ntchito m'minda ya fodya, Kasungu ali m'gulu la maboma amene anafufuzamo. Linati ana osachepera 78,000 amagwira ntchito imeneyi m'Malawi, ndipo pa tsiku la chinyezi mwana angathe kulowetsa m'thupi kudzera pakhungu chikonga chofanana ndi ndudu 50. Mwana wotereyu akabwera ku kalasi mutu ukuwawa, akuchita nseru, n'kulephera kuloweza yankho, timati ndi waulesi. Chaka chinacho chimene tamuuza kuti adikire sadzakhala kuno. Adzakhala pa esiteti ina ku Mzimba kapena ku Mchinji, kumene adzayambirenso tsamba loyamba, adzafufutidwenso mu March. Amakula choncho, wodziwa theka loyamba la katekisimu katatu konse.

Nanga amene amamaliza, timawaphunzitsa chiyani? Funso, yankho. Funso, yankho. Mwana amatchula masakramenti asanu ndi awiri mosapuma, amakhoza mayeso, amavala zoyera, timajambula zithunzi, basi wamaliza chikhristu ngati Sitandade 8. Sindikunyoza kuloweza, agogo athu analoweza ndipo zinawasunga. Koma anamkungwi akamalanga namwali sangomuloweza mawu, amamuuza za nyumba yeniyeni imene akukalowa, za apongozi, za moto, za matenda. Ife timaphunzitsa ana a m'dera la fodya ngati kuti amakhala kumwezi. M'katekisimu momwemo muli machimo amene amalirira kumwamba, ndipo limodzi mwa iwo ndi kumana wantchito malipiro ake. Buku la Deuteronomo mutu 24 limalamula kuti waganyu wosauka, ngakhale akhale mlendo, alipidwe dzuwa lisanalowe. Kalata ya Yakobo mutu 5 imadzudzula eni minda amene abisa malipiro a okolola. Papa Leo XIII analemba za malipiro oyenera mu 1891. Maepiskopi athu, m'kalata ija inawerengedwa pa 8 March 1992, imene timainyadira chaka ndi chaka kuti inagwedeza boma la chipani chimodzi, ananenamonso za malipiro ochepa ndi mitengo yopondereza alimi. Zida zonsezi zili m'nyumba mwathu. Amene anamvapo ulaliki wa Yakobo 5 mwezi wa June, maselo shiti atatuluka, mabwana atakhala mpando wa kutsogolo, atiuze tchalitchi chake tikapemphere kumeneko.

Machimo amene mphakati umawaona msanga ndi a anthu osauka, chifukwa amachitikira pabwalo. Wapezeka ku mowa wa masese. Walowa m'banja osadalitsa. Anamuona ku dambwe. Mtsikana watenga mimba. Amenewa timawaimitsa masakramenti sabata isanathe, ndipo mayina awo amadziwika mpaka ku chigayo. Koma tchimo la m'kope silinunkha. Ndowa ya chimanga imene inaperekedwa mu November imalembedwa pa mtengo wa February. Mankhwala a malungo a mwana alembedwa kawiri. Fodya amene anagulidwa bwino ku msika, tenanti akuuzidwa kuti anabwezedwa, pepala lake osamuonetsa. Munthu wagwira ntchito miyezi khumi ndi banja lake lonse, pomaliza akuuzidwa kuti ndiye ali ndi ngongole, akhalenso chaka china kuti abweze. Ndani anaimitsidwapo Ukaristia pa mlandu umenewu?

Chifukwa chake tonse tikuchidziwa, kungoti sitinena. Kale bale ankalima ndi maesiteti akuluakulu okha, mlimi wamba lamulo linkamuletsa mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Nthawi imeneyo bwana anali wakutali, kampani kapena nduna, wosavuta kumudzudzula chamumtima. Lero bwana ndi mnzathu. Ali ndi mahekitala ake ochepa ndi mabanja atatu kapena asanu a matenanti. Ndi malume athu, ndi tcheyamani wa khonsolo ya tchalitchi, ndi amene anapereka malata a nyumba ya akatekisiti, ndi amene mphakati umadalira kuti usakhale kumchira pa mpikisano uja. Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Ndisamunamizire, si mabwana onse amene amaba, ndipo ngakhale wachilungamo ali pa mpanipani. Fodya wambiri masiku ano amalimidwa pa kontirakiti ndi makampani ogula. Feteleza ndi mbewu amatenga pa ngongole, ndipo pa selo shiti kampani imayamba yadula zake, kenaka misonkho, mayendedwe, ziguduli. Chaka chimene mitengo yagwa, iyenso amabwera ku Chinkhoma misozi ili m'maso. Koma taonani kumene kuluzako kumathera. Kampani imakankhira kwa mlimi, mlimi amakankhira kwa tenanti, tenanti amakankhira kwa mkazi wake ndi mwana wa zaka khumi uja, amene alibe wina womukankhira. Onsewa, kuchotsapo kampani, amakhala m'tchalitchi chimodzi, kapena akanakhala m'tchalitchi chimodzi. Kodi pali malo ena m'dera lino amene bwana ndi tenanti angakhale pa mkeka umodzi ngati abale, kope lili pakati? Khoti lili kutali ndipo limafuna ndalama. Ofesi ya zantchito ili ku boma, makilomita ambirimbiri. Mphakati uli pompano, umakumana sabata ndi sabata, ndipo unapangidwira zimenezi.

Wina anena kuti ndikukumba nkhani yakale, utenanti unathetsedwa. Inde, mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la zantchito n'kuletsa utenanti. Ndipo tiyamike kuti pakati pa amene anamenyera nkhondoyi zaka zambiri panali a mpingo womwewu, a Centre for Social Concern ku Kanengo. Koma lamulo lili pa pepala ku Lilongwe. Yendani m'mphepete mwa minda mu January muone ngati tinyumba ta udzu tija tinatha. Chimene chinasintha kwambiri ndi dzina: pano akuti ndi antchito, koma wantchito wake wolipidwa kamodzi pachaka, fodya akagulidwa, atadulidwa chimanga chimene anadya. Ndipo dziko lakunja likutiona. Mu November 2019 dziko la America linayamba kugwira fodya wa ku Malawi pa madoko ake chifukwa cha nkhani za ntchito yokakamiza ndi ya ana. Mu 2020 maloya a Leigh Day anakasuma ku khoti lalikulu ku London m'malo mwa matenanti ndi ana awo zikwi zingapo, kusumira makampani a British American Tobacco ndi Imperial, amene akukana mlanduwo. Momwe udzathere ndi nkhani ya akhoti. Chimene chimandisowetsa mtendere ine n'chakuti loya wa ku London ali ndi mayina a matenanti a m'dziko muno, ndi mayina a ana awo, pamene mphakati umene uli kutsidya kwa dambo ulibe.

Sindikupempha sinodi ina kapena semina ya ma alawansi. Zimene zikufunika n'zotheka ndi anthu omwe alipowa. Msonkhano wa mphakati umazungulira nyumba ndi nyumba, eti? Uzikafikanso pakhomo pa tenanti, tikakhale pa mkeka wake, ngakhale alibe tiyi wotipatsa. Banja lobwera lilembedwe mwezi umene lafika, popanda kukweza chiwerengero cha zopereka, ndipo nkhani ya kalata yosamukira ithe ndi foni imodzi ya akatekisiti kwa anzawo a ku Phalombe. Timatumizirana mavidiyo a kwaya pa WhatsApp tsiku ndi tsiku, tilephere kufunsa ngati munthu anabatizidwa? Makalasi a ana a m'minda aunjikidwe miyezi imene tsamba silikuthyoledwa, ndipo mwana wochoka pakati apatsidwe kapepala konena pamene wafika, kuti kumene akupitako akapitirize.

Chovuta, chimene chidzautse mapokoso, ndi cha kope. Komiti ya Chilungamo ndi Mtendere ilipo m'maparishi ambiri, ngakhale kwina imangodzuka nthawi ya chisankho. Bwana amene ndi mkhristu avomere kuti pa tsiku logwirizana ndi wantchito wake pakhale mboni ziwiri za mu mphakati, mtengo wa ndowa ya chimanga ulembedwe tsiku lomwelo, ndipo mboni zomwezo zidzakhalepo pa tsiku lowerengera, selo shiti ili poyera. Wachilungamo sataya kanthu, mwinanso zimuteteza kwa wantchito amene amagulitsa fodya mozemba kwa mavenda, pakuti zimenezonso zimachitika. Wokana, akane, ufulu ndi wake. Koma asakhale tcheyamani, ndipo envelopu yake ya masika isawerengedwe paguwa ndi nthungululu. Ndikudziwa kuti chaka choyamba zopereka zingatsike, mwina malata ena achedwa. Abambo mfumu amene adzayambe zimenezi adzalandira alendo usiku odzawalangiza kuti asalowetse ndale m'tchalitchi, mawu omwe aja anauzidwa maepiskopi mu 1992.

Nazale ziyamba posachedwa, ndipo malole aja abweranso, ena usiku. Alembi a miphakati, simufunika kugula kope lina. Lomwe lija la mtulo, tembenuzani, kumbuyo kwake kuli masamba osalembedwa.